Mmene mungafewetsere kayendedwe ka pikiapu yakale yotsitsidwa

Pikiapu yakale ikatsitsidwa bwino imakoka maso. Chevrolet C10 ya 1969 kapena Ford F-100 ya m'ma 1970 itakhala pansi, matayala atalowa m'madigadi, munthu umaima kaye n'kuiyang'ana. Vuto limayamba mukaikwera. Pa bampu yoyamba mumamva gu! kuchokera pansi pa mpando mpaka m'msana, pa kadzenje kakang'ono kumbuyo kumadumpha, ndipo mukayenda ola limodzi mumatsika thupi lonse litaphwanya. Eni ake ambiri akamva zimenezi amathamangira kukagula mashoko atsopano, kenako n'kudabwa kuti palibe chasintha.

Inenso ndinadutsa momwemo. Pa pikiapu yanga yoyamba ndinasintha mashoko kawiri m'chaka chimodzi. Tsiku lina nditalowa pansi ndi tochi, ndinaona kuti mphira yotchinga ekiselo yakumbuyo, ija amakaniko amati bump stop, inali yosalala mpaka kuwala. Pakati pa mphirayo ndi ekiselo pankalowa chala chimodzi basi. Galimotoyo inali itasiya kuyenda pa masipuling'i, inkayenda pa mphira imeneyo. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndi tepi yoyezera, zogulagula zimabwera pambuyo.

Wilo likakumana ndi bampu limafunika mpata woti likwere felemu isanamve kanthu. Kutsitsa galimoto ndi masipuling'i aafupi kumadya mpata umenewo. Tiyerekeze kuti ku fakitale anasiya mamilimita 120 pakati pa ekiselo ndi felemu, inu n'kutsitsa ndi mamilimita 100. Atsala 20. Bampu iliyonse yoposa pamenepo ndiye kuti ekiselo ikuomba felemu kudzera pa kamphira kamodzi, ndipo palibe shoko imene ingameze kugunda koteroko. Choncho ntchito yake ndi yobwezeretsa mpata kaye, kenako kusankha sipuling'i ndi shoko zoti ziugwiritse ntchito.

Musanagone pansi pa galimoto, kumbukirani kuti jeke ndi yokwezera chabe. Ikani masitandi achitsulo pansi pa felemu, pamalo olimba ndi osapendekeka, ndipo mutsekereze mawilo otsala pansi. Koyilo, sipuling'i yachitsulo yozungulirazungulira ija, ikapanikizika imasunga mphamvu yoti itha kupha munthu, ndiye muziichotsa ndi chida chake chopanikizira, mutaima pambali osati moyang'anizana nayo.

Dziwani kaye mmene anaitsitsira

Mapikiapu akale sanapangidwe mofanana, ndipo mwina amene anatsitsa yanuyo si inu. C10 za 1960 mpaka 1962 zinali ndi torsion bar kutsogolo (ndodo yachitsulo imene imapotoka n'kugwira ntchito ya sipuling'i), ndipo kuyambira 1963 anayamba kuika makoyilo. Kumbuyo, C10 zambiri za 1960 mpaka 1972 zili ndi makoyilo okhala pa mikono iwiri yaitali yotchedwa trailing arm, pomwe za 1973 mpaka 1987 zili ndi leaf spring, zitsulo zathyathyathya zija zosanjikizana. Ford inayamba kuika Twin I-Beam kutsogolo kwa F-100 mu 1965: wilo lililonse lili ndi mtanda wakewake wachitsulo, womangiriridwa ku felemu mbali inayo. Datsun 620 ili ndi torsion bar kutsogolo ndi leaf spring kumbuyo. Iliyonse mwa izi ili ndi katsitsidwe kake, ndiponso kaonongedwe kake.

Kutsogolo, yang'anani mapeto a koyilo. Ngati pali zipsera za girayinda, anaidula. Ngati mizere iwiri kapena itatu yaphatikana malo amodzi ndipo penti yapserera, anaitentha ndi moto wa gasi kuti ifote, ndipo koyilo yotere ndi yotaya, chifukwa moto umachotsa kulimba kwa chitsulo, imapitiriza kufota ndipo itha kuthyoka muli pa liwiro. Pa torsion bar, onani ngati anangomasula bawuti yokwezera. Njira imeneyi sisintha kulimba kwa chitsulocho, koma imasendeza mkono wa wilo pafupi ndi bump stop. Kumbuyo, werengani zitsulo za leaf spring mbali zonse ziwiri, muone ngati pali mabuloko pakati pa ekiselo ndi sipuling'i, ngati ma shackle, tizitsulo tolumikiza mapeto a sipuling'i ku felemu, ndi aatali kuposa a ku fakitale, komanso ngati ekiselo inachotsedwa pansi pa sipuling'i n'kuikidwa pamwamba pake. Kutembenuza kumeneku, kumene amati flip, kumatsitsa galimoto pafupifupi mainchesi 5 kapena 6 nthawi imodzi, ndipo n'kumene kumadya mpata kwambiri.

Muli pansi pomwepo, gwedezani chilichonse: ma ball joint (mfundo zimene wilo limakhoterapo), ma tie rod (ndodo zokhotetsa mawilo kuchokera ku chiwongolero), mabushi a mikono, mabering'i a mawilo. Chimene chatha sinthani tsopano. Bushi yong'ambika imapanga phokoso lofanana ndi la ekiselo yogunda felemu, ndiye ikhoza kukusokonezani pa zonse zotsatirazi.

Matayala, chifukwa mpweya sulira ndalama

Sipuling'i yoyamba pa galimoto iliyonse ndi tayala. Nambala ya mpweya yolembedwa m'mbali mwa tayala ndi malire, osati mlingo woyendera tsiku ndi tsiku. Ndakumanapo ndi mapikiapu opanda katundu akuyenda pa psi 50 kumbuyo chifukwa wopopa anangowerenga pa tayala. Yambirani pa mlingo wa m'buku la galimotoyo, kenako lembani mzere wa choko modutsa tayala lonse n'kuyenda mamita 50 mowongoka. Choko ikafufutika pakati pokha, mpweya wachuluka. Ikafufutika m'mbali mokha, wachepa. Tsitsani kapena onjezerani psi 2 nthawi iliyonse, matayala ali ozizira, koma musatsike kupitirira mlingo umene tayalalo likufuna kuti linyamule kulemera kwa galimotoyo.

Khoma la m'mbali mwa tayala nalonso ndi nkhani yaikulu. Tayala la 235/75R15 lili ndi khoma la mamilimita pafupifupi 176. La 245/35R20 lili ndi 86 okha. Munthu akachoka pa malimu a mainchesi 15 kupita pa 20 amataya theka la mphira imene inkameza timiyala ndi ming'alu ya mumsewu, ndipo nthawi zambiri amaonjezeranso kulemera kwa wilo, chimene chimapatsa shoko ntchito yaikulu. Kwa ine, mainchesi 17 kapena 18 ndi pamene maonekedwe ndi msana zimagwirizana. Matayala olembedwa LT ali ndi makoma olimba oyenera katundu wolemera, ndiye ngati pikiapu yanu inasiya kunyamula, tayala wamba lokhala ndi mlingo wokwanira wa katundu limayenda mofewerapo. Onaninso zaka zake. Manambala anayi omaliza pa chizindikiro cha DOT amanena sabata ndi chaka, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Mphira ikakalamba imauma gwa ngakhale mapanga ake akadali akuya.

Yezani mpata

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa zonse zotsatira zikudalira manambala amene mupeze pano. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, thanki ili ndi mafuta theka, ndipo pampando wa dalaivala pakhale munthu kapena matumba a mchenga olemera ngati inuyo. Yezani kuchokera pakati pa wilo kukafika m'mphepete mwa madigadi pa mawilo onse anayi, mulembe m'kabuku. Kenako yezani mpata wa pakati pa bump stop iliyonse ndi chitsulo chimene imagunda. Kumbuyo, mpata umenewo ndi womwewonso wa wilo. Kutsogolo n'kosiyana: bump stop imakhala chapakati pa mkono, pafupi ndi felemu, ndiye mamilimita 25 pamenepo amakhala ochulukirapo pa wilo penipeni. Chofunika ndi cha pa wilo.

Tsopano tengani timalamba tapulasitiki tomangira mawaya, tija amati cable tie. Mangani kamodzi pa ndodo yowala ya shoko iliyonse, n'kukatsitsira pakamwa pa shokoyo. Ngati ndodo yabisika ndi chivundikiro chachitsulo, pakani girisi pang'ono pamutu pa bump stop, kapena matani kadongo pa felemu pamwamba pa ekiselo. Yendani makilomita ochepa pa msewu umene mumadutsa kawirikawiri, pa liwiro lanu lamasiku onse, osafunafuna maenje dala. Mukabwerako yang'anani. Kalamba kakakankhidwa mpaka kumapeto kwa ndodo, shoko ikutha isanathe ntchito, ndipo mkati mwake mukuonongeka. Girisi akadinda chitsulo chinacho, kapena dongo likaphwanyika, mwapeza gwero la gu! uja.

Pali mayeso ena osavuta amene amandithandiza kusiyanitsa matenda awiri ofanana zizindikiro. Ikani matumba a mchenga okwana makilogalamu 100 m'bodi yakumbuyo, pamwamba penipeni pa ekiselo, n'kuyendanso msewu womwewo. Kayendedwe kakafewa, ndiye kuti sipuling'i yakumbuyo ndi yolimba kwambiri. Kugunda kukachuluka, mpata ndi umene wachepa. Nthawi zina mupeza zonse ziwiri.

Ine ndimafuna kuti wilo lizitha kukwera mamilimita 75 lisanafike pa bump stop. Akakhala 50 galimoto imayendabe koma imafuna sipuling'i yolimbirapo. Kutsika pamenepo ndiye kuti mwasankha maonekedwe, ndipo msana ulipira.

Kubwezeretsa mpatawo

Kutsogolo, njira yabwino kwambiri ndi drop spindle. Pa chipangizo chimenechi, kachitsulo kokolekapo wilo anakasunthira m'mwamba, kawirikawiri ndi mainchesi 2 kapena 2.5, ndiye galimoto imatsika pomwe mikono, koyilo ndi shoko zili pamalo pake penipeni monga anazisiyira ku fakitale. Mpata wa sasipenshoni sutayika. Ngati kutsogolo kwanu kunatsitsidwa mainchesi 4 ndi makoyilo okha, ikani drop spindle n'kubwezera koyilo yotsitsa inchi imodzi kapena ziwiri basi. Galimoto ikhala pafupifupi pomwe inali, koma kusiyana kwake mukumva pa bampu yoyamba. Mukatha kuika, onani zinthu ziwiri: ngati tayala silikukwecha mkati mwa madigadi, komanso ngati palibe chitsulo chimene chatsika kupitirira mphepete yapansi ya limu. Tayala likaphulika, galimoto iyenera kutera pa limu, osati pa mkono umene ungakumbe msewu n'kukulandani chiwongolero.

Pa Twin I-Beam musadule koyilo n'komwe. Popeza mtanda uliwonse umazungulira pa bawuti imodzi, koyilo ikafupika wilo limapendekera mkati kumtunda kwake ndipo tayala limadyeka mbali imodzi. Pali mitanda yopangidwira kutsitsa, ndipo imagwira ntchito yofanana ndi ya drop spindle. Pa torsion bar, bwezerani bawuti ija pang'ono kuti mkono uchoke pa bump stop, kotsalako mutsitse ndi spindle.

Kumbuyo, chimene chimaimitsa ekiselo ndi felemu yeniyeni. Mukatsitsa kupitirira mainchesi 4 kapena 5, pamafunika kudula felemu pamwamba pa ekiselo n'kuikapo chitsulo cholimbitsa chopindika ngati chilembo C, n'chifukwa chake amachitcha C-notch. Pamenepa ndimaumirira kwambiri. Felemu yodulidwa popanda cholimbitsa imang'aluka, ndipo imang'alukira pamalo pamene pali katundu yense wakumbuyo. Chirikizani felemu kutsogolo ndi kumbuyo kwa podulapo isanakhudzidwe ndi girayinda, boolani kabowo pa ngodya iliyonse kuti pasakhale kona yakuthwa yoyambira mng'alu, chotsani mapaipi a mabuleki, a mafuta ndi mawaya pafupi, ndipo ngati ndi yowotcherera ipatseni munthu amene anawotchererapo felemu. Kudula felemu kuli ndi malamulo ake m'mayiko ambiri, choncho funsani oyeza magalimoto kwanuko musanayambe.

Kenako bump stop yeniyeniyo. Za ku fakitale zambiri ndi zazitali komanso zolimba. Musangozichotsa osaikapo zina, chifukwa popanda izo chitsulo chiziombana ndi chitsulo ndipo shoko ndi imene izilandira nkhonya. Ikani zazifupi zopangidwa ndi thovu la polyurethane, zimene zimayamba mofewa n'kumalimba pang'onopang'ono pamene zikufinyika. Pa pikiapu yotsika, bump stop yotere imasanduka gawo la sipuling'i, ndipo imasintha gu! kukhala kukankha kofatsa.

Musanabwezere masipuling'i, chitani chinthu chimodzi chimene ambiri amachidumpha. Felemu ili pa masitandi, koyilo itachotsedwa, kwezani wilo ndi jeke pang'onopang'ono mpaka bump stop itafinyika. Yang'anani chimene chikuyamba kugunda. Chiyenera kukhala bump stop basi. Nthawi zambiri mupeza difu ikukhudza pansi pa bodi, propshaft (chitsulo chozungulira chochokera ku giyabokosi kupita ku difu) ikukwecha mtanda wa felemu, ekizozi itapanidwa, kapena ball joint itafika pamapeto ake. Kutsogolo chitani zimenezi chiwongolero chitakhotetsedwa mbali zonse ziwiri. Kenako tsitsani mpaka pansi muone ngati paipi ya mabuleki yamphira sikukokeka. Pa leaf spring simungachotse sipuling'i yonse chifukwa ndi imene imagwira ekiselo, koma mukasiya chitsulo chachikulu chokha mutha kukweza ekiselo n'kuona zomwezi. Lembani mtunda wa pakati pa mabawuti awiri a shoko wilo lili pamwamba, lili pamalo oyendera, ndiponso lili pansi. Manambala atatu amenewa ndi amene mupite nawo kogula mashoko.

Masipuling'i

Koyilo ikadulidwa imalimba. Kulimba kwake kumadalira kuchuluka kwa mizere imene ikugwira ntchito: mizere ikachepa, uliwonse umafunika kupindika kwambiri kuti koyilo ifinyike mtunda womwewo. Koyilo ya mizere 8 mukaichotsa umodzi imalimba ndi maperesenti pafupifupi 14, mukachotsa iwiri ndi 33. Kulimba pang'ono si koipa pa galimoto ya mpata wochepa, koma kukapyola malire mumamva mng'alu uliwonse wa mumsewu.

Pali njira yodziwira ngati masipuling'i anu ali pamlingo wabwino. Galimoto itaima pa mawilo ake, masulani mashoko akutsogolo, kankhani bampala pansi mobwerezabwereza motsatira kunjanja kwa galimotoyo, wina akujambula ndi foni. Werengani kuti yakwera n'kutsika kangati pa masekondi 10. Magalimoto oyenda mofewa amakhala pakati pa 10 ndi 15. Mukafika 20, sipuling'iyo ndi ya mpikisano kapena ya katundu. Chitaninso chimodzimodzi kumbuyo, ndipo mubwezere mashoko musanaitulutse pamsewu. Maurice Olley, injiniya wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku General Motors m'ma 1930, anaonetsa kuti kumbuyo kuyenera kunjanja mofulumirirapo pang'ono kuposa kutsogolo. Mawilo akutsogolo ndi amene amayamba kukwera bampu, ndiye akumbuyo akamafulumira amawapeza, galimoto n'kukwera ndi kutsika yonse pamodzi m'malo mogwedeza mutu ngati bwato pa mafunde. Koma pa pikiapu yopanda katundu kusiyanako kumapyola muyezo, chifukwa masipuling'i akumbuyo a C10 kapena F-100 anapangidwira katundu wa theka la tani amene lero kulibe.

Pa leaf spring, yang'anani chitsulo chapansi chonenepa chija, chimene chimayenera kugwira ntchito katundu akalemera basi. Pa galimoto yotsitsidwa chimatha kukhala chitakhudzana kale ndi zinzake nthawi zonse, ndiye sipuling'i yonse imalimba ngati mwanyamula. Kuchichotsa kumafewetsa kumbuyo kwambiri. Mukapitiriza kuchotsa zina, dziwani mtengo wake: galimoto itsikanso, mphamvu yonyamula ichepa, ndipo ekiselo iyamba kupotoza sipuling'i mukaponda moto, mawilo n'kumadumphadumpha. Mabuloko aatali amaonjezera vuto lomweli, ndipo kusanjikiza awiri n'kuika moyo pachiswe. Mukamasula sipuling'i, palani dzimbiri pakati pa zitsulozo, muzipake penti, muike timapulasitiki toterera kumapeto kwake. Zitsulo zadzimbiri zimagwirana, ndipo pa timabampu ting'onoting'ono sizisuntha n'komwe, galimoto imangoyenda ngati ilibe sipuling'i. Ma U-bolt, mabawuti omanga ekiselo ku sipuling'i, muike atsopano nthawi iliyonse mukamasula.

Ngati mumanyamula katundu mwa apo ndi apo, ikani sipuling'i yofewa n'kuonjezera timatumba ta mpweya tothandizira, timene mumapopa tsiku la katundu lokha. Masipuling'i a mpweya athunthu ndi ma coilover (mashoko okhala ndi koyilo yakeyake) ndi abwino ndithu ndipo amalola kusintha msinkhu, koma nawonso amafuna mpata womwe uja. Amene amayenda mpweya ataphwetsa kuti galimoto ioneke yotsika amakhala pa bump stop ngati wina aliyense.

Tsopano mashoko

Shoko ya ku fakitale ndi yaitali kwa galimoto yotsitsidwa. Tengani manambala atatu aja. Shoko yatsopano ikafinyika yonse ikhale yaifupi ndi mamilimita osachepera 10 kuposa mtunda umene munapeza bump stop itafinyika, kuti mphira iyambe kugwira shoko isanathe. Ikatambasuka yonse isalole koyilo kugwa pamalo pake. Pamalo oyendera, ndodo ikhale chapakati, kapena yotsala yochulukirapo pang'ono kumbali yofinyikira.

Kupendekeka kwake nakonso n'kofunika. Mukatsitsa kumbuyo, mashoko amagona. Shoko yopendekeka madigiri 30 kuchokera poimirira imagwira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake, ya madigiri 45 imagwira theka. N'chifukwa chake C10 za trailing arm zikatsitsidwa zimayandama kumbuyo ngakhale mashoko ali atsopano. Mankhwala ake ndi zitsulo zosunthira malo omangirira kuti shoko iimirirenso. Posankha mtundu, pewani olembedwa kuti ndi a katundu wolemera. Ngati thumba likulola, gulani otheka kusintha kulimba: yambirani pofewa, muzilimbitsa kadontho kamodzikamodzi mpaka galimoto ikakwera bampu izikhazikika kamodzi osabwerezanso. Ikamanjanja kawiri kapena katatu, shoko yafewa. Ikamatsika pang'onopang'ono pa mabampu otsatizana mpaka kukagunda, yalimba kumbali yotambasukira ndipo sikupatsa sipuling'i nthawi yobwerera.

Zomangika

Sasipenshoni itha kukhala ndi mpata wokwanira koma osaugwiritsa ntchito chifukwa china chake chagwira. Bushi yamphira sizungulira pa bawuti yake, imapotoka. Mukamanga mabawuti mawilo akulendewera m'malere, galimoto ikatera pansi mphira imakhala itapotoka kale, imalimbana ndi sipuling'i ndipo imang'ambika msanga. Masulani mabawuti onse a mabushi, tsitsani galimoto pa mawilo ake, igwedezeni, kenako mangani. Ntchito ya ola limodzi imeneyi yandidabwitsa kangapo. Mabushi a polyurethane amakhalitsa koma amadutsitsa kunjenjemera, ndipo akauma girisi amalira. Pa mikono ndi pa leaf spring ine ndimakonda amphira.

Shackle iyenera kukankhika momasuka sipuling'i ikamatambasuka, osagunda felemu kapena bodi. Pa C10 za makoyilo kumbuyo pali ndodo yopingasa yotchedwa Panhard, imene imagwira ekiselo kuti isapite m'mbali. Galimoto ikatsika, ndodoyi imapendekeka n'kukankhira ekiselo mbali imodzi, ndipo pa bampu iliyonse kumbuyo kumagwedezekera cham'mbali. Ikani yotheka kusintha kutalika, ikhale yogona mofanana ndi pansi momwe mungathere, ndipo ekiselo ibwerere pakati.

Ma angle, mabuleki ndi pokhala

Kunjenjemera kumene kumabwera pa liwiro linalake n'kutha mukalipitirira kawirikawiri kumachokera ku propshaft. Yezani ndi foni kupendekeka kwa giyabokosi, kwa propshaft ndi kwa mphuno ya difu. Pa universal joint iliyonse, mfundo ya kumapeto kwa propshaft, kusiyana kukhale pakati pa digiri 1 ndi madigiri 3, ndipo kwa kutsogolo kufanane ndi kwa kumbuyo. Tizitsulo topendekeka toika pansi pa ekiselo timakonza zimenezi. Onaninso kuti propshaft sinalowe yonse mu giyabokosi, pakhale mpata wa mamilimita 20 kapena kuposerapo woti izisunthira.

Mapikiapu ena, monga a Toyota ambiri a m'ma 1980, ali ndi valavu ya mabuleki yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo. Galimoto ikatsika, valavuyo imaona ngati mwanyamula katundu n'kutumiza mphamvu yambiri kumbuyo, mawilo akumbuyo n'kumakhuluzika msanga. Isunthireni kuti ibwerere pamlingo wake.

Wheel alignment, kuongola kaimidwe ka mawilo, ibwere pomaliza, zonse zitakhazikika. Manambala a m'mabuku akale anawalembera matayala amakedzana ndi chiwongolero cha manja. Ndi matayala amakono a radial, makamaka ngati muli ndi power steering, caster (kupendekera kumbuyo kwa mzere umene wilo limakhoterapo) yochulukirapo imathandiza galimoto kuyenda mowongoka. Ngati chiwongolero chimatsomphoka chokha pa bampu, ma tie rod sakuyenda mogwirizana ndi mkono wapansi, ndipo vutoli limachepa mukabwezera mikono pafupi ndi pamene inali ku fakitale, chimene drop spindle imachita.

Musaiwale mphira zimene zili pakati pa kabini ndi felemu. Pa galimoto ya zaka 50 zimakhala zitaphwatalala, ndipo chilichonse cha pa felemu chimalowa mwachindunji. Siponji ya mpando nayonso imatha mpaka kumakhalira zitsulo.

Poyesa, sankhani msewu umodzi wokhala ndi bampu, kadzenje, malo a mafundemafunde ndi poti mungathamange, ndipo muzibwerera pomwepo mukasintha chinthu chimodzi chokha. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza. Pakatha makilomita 100 kapena 200 manganinso ma U-bolt, muyezenso msinkhu pa mawilo anayi, chifukwa masipuling'i atsopano amakhazikika pang'ono. Kenako tsitsaninso timalamba tija n'kuyenda. Kalamba kakaima mamilimita 10 kapena 15 kasanafike kumapeto pa bampu yaikulu ya msewuwo, sasipenshoni ikugwiritsa ntchito mpata wonse osagunda. Kakaima pakati, muli ndi danga loti mufewetsenso sipuling'i kapena shoko ya mbali imeneyo.